Injini wagula, ndiye wapanga chiyani?

Nthawi iliyonse mnyamata wina akatulutsa galimoto yomwe wakhala akuikhoma kuseri kwa nyumba ya makolo ake, chithunzi chikangofika pa Facebook, mukudziwa kale zomwe zimatsatira. Poyamba pamadzaza "Mulungu akudalitse mwana wathu" ndi "boma limuthandize ameneyu". Kenako amafika akatswiri. Wina amakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, kuona dzina la Toyota pa injini, n'kulemba monyadira ngati wagwira mbava pamsika: "Injini wagula, matayala wagula, mabuleki wagula, ndiye wapanga chiyani? Uyu wangolumikiza basi." Anzake n'kumuwombera m'manja.

Lero ndikufuna kulimbana ndi munthu ameneyu. Sindikudana naye, mwina ndi m'bale wanga, mwinanso ndinu amene mukuwerenganu. Koma funso lakelo ndi laumbuli, ndipo umbuli wake ndi woopsa chifukwa anyamata amamva. Amene wanyozedwa lero kuti wagula mabuleki, mawa adzayesa kuwapanga yekha kuti akutsekeni pakamwa, ndipo galimoto imeneyo idzadutsa pamsewu womwe mwana wa achemwali anu amawoloka popita kusukulu.

Chodabwitsa n'chakuti funsoli timalifunsa pa galimoto pokha. Telala wa pakhonde la sitolo amagula nsalu, ulusi, zipi ndi mabatani, makina akenso ndi a Singer kapena Butterfly, koma diresi ikakhala bwino pa chinkhoswe palibe amene amaimirira n'kunena kuti thonje sanalime yekha. Ngakhale ife tomwe tili ana, magalimoto a mawaya aja: waya tinkasolola pa mpanda wa eni ake, matayala anali zitini za polishi, mphira tinkadula ku chubu chakutha cha njinga. Palibe anasungunulapo chitsulo, koma aliyense ankadziwa kuti galimoto ya uje imakhota bwino, ya uje imagwa chamutu ikangogunda kamwala. Tinkatha kusiyanitsa mmisiri ndi wongoyesa. Takula, tagula mafoni, nzeru ija yatithawa.

Tiyeni tifunse bwinobwino: ndani pansi pano anapangapo galimoto yonse yekha? Henry Ford, amene aliyense amathamangira kumutchula, pomwe ankayamba kampani yake mu 1903 injini ndi magiya a magalimoto ake oyamba ankagula kwa abale awiri, John ndi Horace Dodge, omwe anali ndi shopu ya makina ku Detroit. Atalemera anagwidwa ndi matenda omwe mnzathu wa pa Facebook akudwalawa, ofuna kuti chilichonse chituluke m'manja mwake. Anamanga fakitale ya River Rouge yosungunula chitsulo chake ndi kupanga magalasi ake, mpaka mu 1928 anakatsegula munda wa mitengo ya mphira m'nkhalango ya Amazon ku Brazil, n'kuutcha Fordlândia, kuti ngakhale mphira ya matayala asamagule kwa munthu. Mitengo inagwidwa ndi matenda ndi tizilombo, antchito anaukira, ndipo mu 1945 kampaniyo inagulitsa malowo ku boma la Brazil pa mtengo wongotaya. Ngati mpondamatiki ngati Ford analephera kudzilimira matayala, mukufuna chiyani kwa mnyamata wa ku Ndirande wokhala ndi makina owotcherera amodzi, gilayinda yobwereka, ndi magetsi obwera nthawi yomwe afuna?

McLaren F1, yomwe itaonekera mu 1992 inazunguza mitu ya okonda liwiro dziko lonse, injini yake inapangidwa ndi BMW. Magalimoto a Pagani a ku Italy, omwe ambirife timangowaonera pa YouTube, amayendera injini za Mercedes-AMG. Tesla yoyamba, Roadster ya mu 2008, thupi lake linkachokera ku Lotus ku England. Kapena tisapite kutali: Sienta mwakwera m'mawa uja popita m'tauni, tsegulani boneti muwerenge mayina. Mupeza Denso, mupeza Aisin, pa matayala dzina lina, pa batire linanso. A Toyota eni ake amanena kuti galimoto imodzi imakhala ndi tizigawo pafupifupi 30,000 mukawerengera ndi timabawuti tomwe, ndipo tambiri timachokera ku makampani ena. Nawonso angolumikiza eti?

Mwina munena kuti awo ndi makampani, ife tikukamba za munthu wa pakhomo. Chabwino. Ku Britain mwambo womanga galimoto pakhomo unayamba kale. Mu 1957 Colin Chapman anatulutsa Lotus Seven, kagalimoto ka mipando iwiri, felemu yake ya timapaipi tachitsulo, injini ya Ford wamba ya 1172cc. Ankakagulitsa kali m'zidutswa, munthu n'kukamalizira yekha kwawo, chifukwa galimoto yogulitsidwa m'zidutswa sinkalipira msonkho wa pogula. Mu 1996 Ron Champion analemba buku lophunzitsa munthu wamba kumanga kagalimoto ka mtundu womwewo ndi mapaundi 250, ndipo timagalimoto timeneti timadziwika ndi dzina lakuti Locost. Taonani momwe anagawira ntchito. Felemu umawotcherera wekha ndi sikweya chubu ya mamilimita 25, ngati yomwe timapangira mabedi ndi mashelefu kuno. Bodi umapinda wekha. Koma injini, giyabokosi, ekiselo ya kumbuyo ndi chiwongolero umachotsa ku Ford Escort yakale, ndipo zitsulo zogwira matayala akutsogolo pamodzi ndi mabuleki ake umachotsa ku Ford Cortina. Anthu okhala ndi zida zokwanira ndi magetsi osazima, koma atafika pa mabuleki ndi chiwongolero anapinda manja. Pali chomwe ankadziwa.

Ngakhale uyu timamunyadira tonseyu, William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, makina ake amphepo a mu 2002 anawamanga ndi fani ya thirakitala, felemu ya njinga, mapaipi a pulasitiki ndi dayinamo ya njinga. Dayinamoyo sanaikulunge yekha. Facebook ikanakhalapo nthawi imeneyo, ndikulumbira, wina akanalemba kuti mwanayu wangolumikiza zotola kudzala.

Tsono musandimve ngati ndikuti chilichonse n'chogula. Pali malire, ndipo malirewo ndi amene amasiyanitsa mmisiri ndi Nzeruzayekha uja anaviika nsima m'madzi. Ine ndimawaika motere. Usanagwire gilayinda, dzifunse kuti chinthu ukufuna kupangachi chitathyoka galimoto ili pa liwiro, chingachitike n'chiyani. Ngati anthu angokuseka, madigadi yagwa kapena ekizosi ikukwekwereza pansi, panga wekha, ulakwitse, upangenso. Ngati yankho lake ndi nyimbo za maliro, chisiye. Funso lachiwiri: ukamaliza, uli ndi njira yoyesera kuti chalimba? Kuchigwedeza ndi dzanja n'kunena kuti "ichi ndiye cha muyaya" si kuyesa.

Ambirife sitimva kukula kwa liwiro chifukwa timakhala pa mpando wofewa. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo ikagunda mtengo pa liwiro limenelo zimafanana ndi kuiponya pansi kuchokera pamwamba pa mamita 25. Ukawirikiza liwiro kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Chomwe chikukulekanitsa ndi mtengowo ndi kachitsulo kotalika ngati mkono wa mwana, kotchedwa tie rod, kamene kamatenga mawu a chiwongolero kukauza tayala kolowera.

Chitsulo cha tie rod, cha ball joint kapena cha habu si chitsulo cha geti. Ku fakitale amachisula ndi makina olemera, kuchitentha pa mlingo woyezedwa, kuchiziziritsa, kuchitenthanso pang'ono kuti chilimbe koma chisamasweke ngati mbale yadothi. Osula nkhwangwa kumudzi amaidziwa nkhaniyi, n'chifukwa chake amasaka masipuling'i a lole ndipo amasamala poviika chitsulo chofiira m'madzi. Amayi athunso amaidziwa: mpeni ukagwera pamoto n'kufiira, ngakhale uunole chotani sugwiranso. Ndiye wina amadula tie rod poti yatalika, kuilumikiza powotcherera, kupala bwinobwino, kupaka penti yakuda. Pamaso ili bho. Koma m'mbali mwa powotchererapo chitsulo chasintha, pena chafewa pena chauma, ndipo bampu iliyonse ikuchipinda pang'ono. Mukukumbuka momwe tinkadulira waya tikasowa pulayala, kupinda uku ndi uku mpaka atatentha n'kuduka? N'chimodzimodzi. Sichiduka tsiku loyesa lija anthu akujambula mavidiyo. Chimadikira miyezi ingapo, pa M1, mutanyamula anzanu.

Mabuleki nawo ali ndi zawo. Tayala la galimoto yaing'ono timalipopa mpweya wa ma bar awiri ndi pang'ono. M'kapaipi ka mabuleki, ukaponda mwadzidzidzi, mphamvu yake imatha kupitirira ma bar 70. Kapaipi kamkuwa ka m'firiji kamaoneka ngati komweko, kamapindika mosavuta, n'kotchipa, ndipo ndaonapo anthu akukaika. Koma mkuwa wotero ukamanjenjemera umauma n'kung'aluka, makamaka kukamwa komwe wafutukulidwa kuti ugwire nati. Mafuta a mabuleki akangopeza potulukira, phazi limafika pansi popanda chogwira. Onjezani kutentha. Ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa liwiro kukhala moto, ndipo potsika Chiweta kapena Khwekhwerere motowo umachuluka mpaka mafuta aja kuwira. A DOT 4 akakhala atsopano amapirira madigiri 230, akakalamba n'kumwa chinyezi amawira msanga. Amene anapanga disiki ndi caliper anawerengera zonsezi, anayesa kambirimbiri, zina n'kuziswa dala kuti aone pothera pake. Iwe kuseri kwa nyumba uyesera pa ndani?

Ngakhale bawuti ili ndi mtundu wake. Tengani ya pa injini kapena ya pa shokapu muyang'ane pamutu pake, mupeza manambala: 8.8, 10.9, pena 12.9. Ya 8.8 imapirira kukoka kowirikiza kawiri poyerekeza ndi ya 4.6 yomangira mageti, ndipo zina za mu hadiweya sizilembedwa n'komwe kanthu. Kukula n'kofanana, sipanala ndi imodzimodzi, kulimba n'kosiyana. Galasi lakutsogolo kwa galimoto ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati kuti likasweka lisamwazike. La pawindo la nyumba likasweka limasanduka mipeni. Lamba wa pampando, uja wogwira malo atatu yemwe Nils Bohlin wa ku Volvo anabweretsa mu 1959, nsalu yake ndi ulusi wake anazipangira kugwira thupi la munthu wamkulu likuponyedwa kutsogolo. Lamba wa chikwama sangalowe m'malo mwake, telala wake akhale dolo chotani.

Wina afunsa kuti nanga felemu, ikathyoka sipha? Imapha, ndipo amene sanadziwe kuwotcherera asaphunzirire pa galimoto, ayambe wapanga mbaula ndi mawilibala. Koma felemu imasiyana ndi tie rod. Chitsulo chake ndi chofewa, chimalola moto, ndipo chisanaduke chimayamba chapindika, kukupatsa chenjezo. Komanso sichisenza katundu chokha: timapaipi makumimakumi tolumikizana m'makona atatuatatu timagawana mtolo, kamodzi kakayamba kung'aluka anzake amagwirizira mpaka iwe utaona. Mutu umodzi susenza denga, pamene tie rod ndi mutu umodzi womwe wasenza denga lonse. Chachikulu n'chakuti ntchito yako pa felemu ungathe kuiyesa pakhomo pomwepo. Wotcherera tizidutswa tiwiri totsala, mangirira pa vayisi, menya ndi hamala yaikulu. Chitsulo chikapindika powotchererapo pali chilili, wakhoza. Pakaduka pomwe wawotchererapo, bwerera ku mbaula. Dulanso kena pakati ndi sowo uone ngati moto unalowa mkati kapena unangonyambita pamwamba. Ndipo felemu si ya paipi ya madzi kapena Y12 yotsala pomanga nyumba, amwene.

Izi sindikuzitenga m'mabuku mokha. Msuweni wanga ndi wowotcherera, amadyera mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo chino ndi chaka chachiwiri akumanga kagalimoto kuseri kwa nyumba. Ine gawo langa ndi pepala, pensulo ndi masamu a ku koleji, poti ntchito ya digiriyo ikubwera wapansi. Tinagula Nissan 1400 yakufa, bodi yodyeka ndi dzimbiri mpaka kumaona dothi pansi pa mapazi. Timapikapu timeneti tinkapangidwa ku South Africa mpaka 2008, timakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo injini yake ya A14 amakanika achikulire amaimasula akucheza. Mmenemo tinachotsa injini, giyabokosi, difu, bokosi la chiwongolero, mahabu, mapedulo ndi mawaya. Zatsopano tinagula zochepa koma zosanenerera: timapaipi ndi mphira za mabuleki, mapadi, ma ball joint, ma tie rod end ndi malamba. Puropela shafiti inatalika, ndiye tinaitengera kwa anthu okhala ndi lathe kuti aifupikitse ndi kuiyeza isamagwedezeke, chifukwa chitsulo chozungulira maulendo 3,000 kapena 4,000 pa mphindi pafupi ndi ntchafu yako si chodulira pa mwala. Zotsalazo, felemu, zogwirira injini, ekizosi, pansi, mipando, boneti, dashibodi, ndi manja a msuweni wanga.

Tsono inu mumati kulumikiza n'kosavuta, tabwerani mudzaone. Tebulo lomangirapo liyenera kukhala lathyathyathya, ndipo ukayeza felemu mopingasa, kona ndi kona, miyezo iwiriyo isasiyane kuposa mamilimita awiri kapena atatu, apo ayi galimoto iziyenda chammbali ngati nkhanu. Chitsulo chikatentha chimakoka, ndiye umawotcherera pang'ono uku, kudumphira mbali inayo, kudikira chizizire. Injini uyenera kuisankhira pokhala: ukaisunthira kutsogolo kwambiri galimoto imakana kukhota, ukaitsitsa kwambiri sampu imatsala pa hampu yoyamba. Matayala akutsogolo amafuna kupendekeka kwake, ngati foloko ya njinga ya kabaza, kuti chiwongolero chizibwerera chokha ukamaliza kukhota. Ndipo mabuleki ogulawo sungangowamanga n'kunyamuka. Akumbuyo a pikapu anawapangira galimoto yonyamula matumba a chimanga. Ukawaika pa kagalimoto kopepuka amagwira msanga kuposa akutsogolo, matayala n'kuuma, galimoto n'kutembenuka kuyang'ana komwe yachokera. Kuwerengera zimenezi kwatidyera masabata. Zigawo zambiri zikhoza kukhala za Nissan, koma palibe injiniya wa Nissan anaiganizirapo galimoto iyi. Amene akuiganizira ndi mnyamata wa mageti uja.

Pali zonena ziwiri za anthu otsutsa zomwe ndimazilemekeza. Choyamba ndi ndalama. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo masipeya amalowa m'dziko muno ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa. Mnyamata akamawotcherera ball joint yotha, nthawi zambiri umakhala umphawi, osati matama. Komanso ukapita kukagula, wogulitsa amakufunsa yekha kuti "mukufuna orijino kapena inayi?", ndipo inayi ija ili m'bokosi lokongola kuposa orijinoyo. Zonsezi n'zoona. Koma yankho lili ku Biwi, ku Ndirande ndi malo ena ophwasulira magalimoto. Habu yochotsedwa ku galimoto ya ku Japan yomwe inagundidwa kumbuyo ndi yodalirika kuposa yatsopano yosadziwika kwawo, ndipo yosula wekha siyandikirako n'komwe. Gula galimoto imodzi yakufa m'malo motola tizigawo kamodzikamodzi m'sitolo, zomwe sukuzifuna ugulitse, zikubwezere ina mwa ndalamayo. Yomwe wapulumutsa popanga wekha mipando ndi bodi ndiyo upititse ku mabuleki. Ikapanda kukwana, galimoto idikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo galimoto yoima kuseri kwa nyumba sigunda mwana wa munthu.

Chachiwiri n'chachikulu: ngati tizingogula, tidzaphunzira liti? Dziko lingakwere bwanji likamaitanitsa kunja chilichonse chokhala ndi bawuti? Ululu umenewu nanenso ndimaumva. Koma taonani momwe anzathu anakwerera. Injini yoyamba ya Toyota, m'zaka za m'ma 1930, Kiichiro Toyoda ndi anyamata ake anaitengera pa injini ya Chevrolet yomwe anaimasula n'kuyeza kachigawo kalikonse. Hyundai Pony ya mu 1975, yomwe South Korea inayamba nayo kugulitsa magalimoto kunja, injini ndi magiya zinali za Mitsubishi, maonekedwe anajambula Giorgetto Giugiaro wa ku Italy, ndipo woyendetsa ntchitoyo anali George Turnbull wochokera ku British Leyland. Injini yawoyawo a Hyundai anaitulutsa mu 1991, patatha zaka 16. Ku Kenya anayambira kumapeto: mu 1986 Pulezidenti Daniel arap Moi anauza University of Nairobi kuti ipange galimoto ya dziko, magalimoto asanu oyesera a Nyayo Pioneer anapangidwadi, koma sanafike pa msika.

Dziko limaphunzira kupanga magalimoto pamene munthu wasankha chinthu chimodzi, kaya masipuling'i, kaya mafyuluta, kaya mapadi a mabuleki, n'kuchipanga zaka makumi awiri, ali ndi makina oyesera, a Malawi Bureau of Standards akumusuzumira. Wina n'kusankha china, winanso china, mpaka womanga galimoto azipeza theka la zofuna zake ku Kanengo ndi ku Makata. Amene mtima wake uli pa mabuleki atsate njira imeneyo, ndipo ine ndidzakhala pamzere wogula. Chomwe ndikukana ndi caliper imodzi yosulidwa Loweruka masana kuti a pa Facebook asiye kunyoza.

A mbali inayi musasekerere, sindili nanu. Alipo ena, makamaka ana a mabwana, omwe kumanga galimoto kwawo ndi kuitanitsa marimu ku Johannesburg, ekizosi yaphokoso ku Dubai, masitika pa intaneti, kutula zonse kwa makanika, kenako n'kujambulitsa atagwira sipanala yopanda ndi dontho la girizi lomwe. Kugula si tchimo, ndalama ndi zanu. Koma dzina la mmisiri amene anagona pansi pa galimotoyo mwezi wathunthu mulitchuleko, ndipo musadabwe ikakuzimirani pa Zalewa usiku inu osadziwa kuti fyuzi imakhala pati. Chilichonse chomwe ungathe kupanga popanda kuika moyo wa munthu pachiswe, panga. Kabulaketi komwe wakapanga katatu kasanakwane kamakuphunzitsa kuyeza, kuboola, kupinda, kuganizira komwe mphamvu ikudutsa, ndipo ndi maphunziro omwewo amene amakuuza tsiku lina kuti apa pokha ndisagwirepo. Wogula zonse ndi wopanga zonse onse awiri sanaphunzire malire.

Atolankhani nanunso muli ndi mlandu. Nkhani ya "mnyamata wosapita kusukulu wapanga galimoto yekha, zonse anaziona kumaloto" imakoma powerenga, koma ikuphunzitsa achinyamata kubisa komwe atenga zinthu, ngati kugula bering'i ndi chinthu chochititsa manyazi. Mnyamata amafika popala dzina la Toyota pa injini kuti nkhani ikome. Mukapita kukamuona, mufunseni mafunso omupatsa ulemu ngati mmisiri. Felemu anayeza bwanji? Mabuleki anachotsa ku galimoto yanji, ndipo anawayesa pati? Ataponda mwamphamvu pa msewu wafumbi, matayala ati anayamba kuuma? Chiwongolero chili ndi polumikiza powotcherera? Amene ayankhe mafunso amenewa mosadodoma ndiye womulemba pa tsamba loyamba, ngakhale theka la galimoto yake litachokera ku Biwi. Amene anene monyadira kuti zonse, ndi mabuleki omwe, wapanga yekha, mujambuleni galimoto ili chiimire, ndipo akakuitanani kuti mukwere mukane mwaulemu.

Ku Britain galimoto yomangidwa pakhomo siilowa pamsewu isanadutse mayeso otchedwa IVA, komwe amayesa mabuleki, kuyang'ana chiwongolero, pomangirira malamba, ngakhale nsonga zakuthwa zomwe zingacheke munthu woyenda pansi. Kuno galimoto iliyonse imafuna COF ya a Road Traffic, ndipo yomangidwa pakhomo iyenera kuyang'anidwa ndi maso akuthwa kuposa Vitz yochokera ku fakitale. Ndikanakonda a TEVETA ndi aphunzitsi a m'makoleji a ntchito zamanja, a Soche, Nasawa, Lilongwe ndi ena, atalemba kabuku kakang'ono m'Chichewa, ka masamba makumi awiri okha, konena kuti izi panga, izi pititsa kwa wa lathe, izi usayerekeze. Kazipezeka pa foni, kazizungulira pa WhatsApp momwe amazungulira mavidiyo a ngozi aja. Anyamata omanga magalimoto alipo kale ndipo sasiya, kaya tiwayamikire kaya tiwanyoze, choncho kuli bwino adziwe malire asanafike pa msewu.

Koma inu achimwene a "wangolumikiza", mwayi ulipo. Tipangireni bering'i imodzi yokha ya habu, timipira take tozungulira bwinobwino, chitsulo chake cholimba mofanana mbali zonse. Tidzaimanga pa galimoto yanu, kutsogolo kumanja, mbali yomwe mumakhala inuyo. Mukatsike nayo Chiweta. Ife tibwera pambuyo pa minibasi.